Tsoka silinunkha: mbaula ya usiku m'nyumba ya lendi

 Amene mwazinga mbaula muli kuotha, otherani ndithu, musasunthe, poti nkhani ya lero ndi ya mbaula yomweyo.

Kuno ku Dedza kuzizira sitichita kuuzidwa. Tauni yathu inakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nsonga ya phiri lathuli inakafika mamita 2,198. Ikakwana Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsetsereka m'phirimu, madzi a m'ndowa amaluma zala, wakabaza amasanjikiza majekete awiri, ndipo amayi ogulitsa mbatatesi m'mbali mwa msewu wa M1 amafunda chitenje kumutu ngati ali pasiwa. Munthu wozizidwa chotere usamuseke akamakumbatira moto.

Azakhali anga ali ndi mdadada wa zipinda zinayi za lendi kuseri kwa nyumba yawo. Chaka china, m'chipinda chakumapeto munalowa mnyamata, mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito, kwawo kuchigwa cha Shire, kumene bulangete amangolimva dzina. Juni asanathe, azakhali ali kusesa pabwalo m'mamawa anakweza maso, n'kuona kuti timabowo ta mpweya tija ta pamwamba pa zenera, amisiri amati maventi, tonse tatsekedwa. Umu sokosi yakutha, umu nyuzipepala yokwinya, umu pepala la shuga. Pansi pa chitseko pali chiguduli chochita kuchikanikiza ndi mpeni.

Anagogoda.

"Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Kodi m'maventimu mwaikamo chiyani?"

"Ndadzuka bwino, Mayi, kaya inu. Ndi mphepotu, Mayi. Ikumalowa ngati yachita kutumidwa."

"Nanga mbaula ija ikumagona kuti? Pakhonde sindikumaionatu."

Mnyamata anayamba wakanda m'mutu, kenaka n'kulimba mtima. "Pepani Mayi, komatu lendi ndimapereka pa 1 osaphonya. Za m'kati mwa nyumba tandisiyirani ndekha."

Mawu amenewo ndiwo andibweretsa pano lero. Ndawamvapo kwa anthu ambiri a lendi, ndipo inenso ndili mnyamata ndinawayankhulapo kwa mwini nyumba wina ku Lilongwe. Ali ndi choona chake. Munthu ukalipira, chipinda chija ndi pakhomo pako, ndipo landilodi wongotulukira nthawi iliyonse, kusuzumira mumphika ndi kuwerenga alendo ako, ndi mliri pawokha. Koma pali zinthu zina m'nyumba zimene sizikhala za wolipira yekha, ndipo mpweya ndi chimodzi mwa izo.

Mkangano umenewu si wathu wokha. Kumaiko a azungu eni nyumba ndi anthu a lendi amalimbirana kachipangizo kena kozungulira ngati kambale, kotchedwa alamu ya utsi, kamene amakamata kudenga. Kamanunkhiza utsi, ndipo kakaumva kamalira mokweza zedi kuti ogona adzuke athawe. Kamayendera batire. Vuto lake nlakuti kamaliranso munthu akangopsereza nyama m'chiwaya, ndipo batire ikamatha kamati tswii, tswii, pakapita kanthawi tswii, usiku wonse. Ndiye wa lendi amakwera pampando, kuchotsa batire, kuponya kachipangizoko m'dirowa, n'kugona tulo take.

Pa 5 Januwale 2022, mumzinda wa Philadelphia ku America, nyumba ina ya lendi inapsa m'bandakucha. Anafa anthu 12, mwa iwo ana 9. Eni nyumbayo, bungwe loona za nyumba mumzindawo, anati pamene anayendera mu Meyi 2021 tizipangizo tonse tinkalira bwinobwino. Ozimitsa moto atalowa anapeza tina tili m'madirowa, tina tilibe batire. Patangopita masiku anayi, pa 9 Januwale, ku Bronx mumzinda wa New York, hita yamagetsi yoothera inayatsa moto m'nyumba yosanja, ndipo utsi unapha anthu 17. Kumeneko alamu inalira ndithu, koma ena mwa opulumuka anati inkalira kawirikawiri popanda moto, mwakuti anali atazolowera kuinyalanyaza. Ngozi ziwiri zonsezi zinachitika masiku a chisanu.

Ku England anachita kuika lamulo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2015, mwini nyumba ya lendi ayenera kuika alamu ya utsi pansanjika iliyonse, ndiponso alamu ina ya mpweya woipa m'chipinda chimene muli choothera cha nkhuni kapena malasha. Wokana akhoza kulipitsidwa mpaka mapaundi 5,000. Mu 2022 anawonjezera kuti wa lendi akanena kuti alamu yafa, mwini nyumba aikonze msanga. Taonani mmene anagawanirana katundu: kuika ndi kukonza ndi kwa mwini nyumba, kuyesa ndi kunena ndi kwa wokhalamo.

Mwina wina akuti, bambo inu, za ku Philadelphia zikutikhudza chiyani ife a ku Katsekaminga, amene alamu ya utsi sitinaionepo n'kamodzi komwe? Zikutikhudza chifukwa munthu wokwera pampando kukachotsa batire uja ndi mphunzitsi wa azakhali anga wokwera pampando kukatseka venti ndi sokosi, ndi munthu mmodzi. Onse awiri sakufuna kufa. Akungofuna kugona. Chowateteza chija chasanduka chowasowetsa mtendere, ndiye achithetsa.

Tsono tiyeni tikambe za mdani weniweniyo, poti ambirife timamudziwa molakwika. Timaganiza kuti choopsa pa mbaula ndi utsi. N'chifukwa chake timakoleza panja, kukupiza mpaka utsi uthe, makala afiire psuu, kenaka n'kunena kuti tsopano yapsa bwino, ilowe. Apo ndiye pagona ngozi. Makala akamanyeka pamalo pochepa mpweya amatulutsa mpweya wina umene a zasayansi amautcha carbon monoxide. Ulibe mtundu, ulibe fungo, sutsokomoletsa, sutulutsa misozi. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo ndikaganiza za mpweya umenewu ndimaona ngati ankanena za iwo. Makala ofiira bwino aja, opanda utsi aja, akuutulutsabe mpaka atasanduka phulusa. Chitseko chotseka, maventi otseka, mpweya wabwino ukucheperachepera, ndipo pamene ukuchepa m'pamenenso mbaula ikuwonjezera poizoniyo.

M'magazi mwathu muli chinthu chofiira chotchedwa hemoglobini, chimene ntchito yake ndi kunyamula mpweya wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita nawo ku ubongo, kumtima ndi thupi lonse. Tingoti ndi minibasi. Carbon monoxide akafika pasiteji amakankha okosijeni n'kukhala pampando, ndipo amaukakamira mpandowo mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Satsika msanga. Minibasi ikuyenda ndithu, mtima ukugunda, munthu akupuma, koma chofika ku ubongo palibe. Amene ali maso amamva mutu kuwawa, chizungulire, nseru, miyendo kulefuka. Ena amafika poona chitseko koma mphamvu yokwawira pomwe chilipo n'kuwathera. Amene ali m'tulo samva kanthu. Akakhala kuti analawako kachasu madzulo kuti atenthetse m'thupi, ndiye basi, tulo take tija timangopitirira.

Kukacha, anthu akathyola chitseko, amapeza banja lili gone pamphasa, lopanda bala, nyumba yosapsa, katundu ali m'malo mwake. Apo m'pamene zimayambira nkhani za m'maluwa. Wina ati anawathirira tameki m'ndiwo, wina ati ndi mpongozi, wina aloze gogo wa kuseri kuti ndi mfiti. Mbaula ili pakona, yazizira, palibe woiyang'ana.

Ndimvereni bwino pano, poti ndikudziwa zimene timauzana. Kuwaza mchere pamakala sikuchotsa poizoniyu. Kuika beseni la madzi pambali pa mbaula sikumumeza. Mbaula yadothi ija ya Chitetezo ndi yabwino, imapulumutsa nkhuni, koma dzina lakelo si chilolezo chogona nayo m'chipinda chotseka. Ndipo ngakhale maventi ali otsekula, timabowo tiwiri sitingapikisane ndi mbaula yodzaza makala usiku wonse. Venti imathandiza, koma mbaula malo ake ogona ndi panja.

Chizindikiro chimodzi chimene ndikufuna aliyense wa kumapiri kuno achisunge ndi ichi: mukadzuka nyumba yonse mutu ukuwawa, bambo, mayi ndi ana omwe, kenaka mukatuluka panja n'kuyamba kupepukidwa, amenewo si malungo. Malungo sagwira anthu asanu ola limodzi n'kuwasiya akangopita pabwalo. Mwapulumuka usiku umenewo, ndipo mwina ndi ming'alu ya chitseko imene yakupulumutsani.

Tibwerere ku mawu a aphunzitsi aja, akuti za m'kati zisiyireni ine. Amene munakhalapo mumdadada mukudziwa mmene timamangira. Khoma logawa zipinda nthawi zambiri silifika kumalata. Limathera pamtanda, pamwamba n'kusiya mpata woti khoswe adutse, wailesi ya mnzako uimve, ndi fungo la usipa wake likupeze. Pamene padutsa fungo la usipa, carbon monoxide adutsanso, poti kulemera kwake n'kofanana pafupifupi ndi mpweya wamba ndipo amasakanikirana nawo. Chipinda choyandikana ndi cha aphunzitsiwo munkakhala mayi wina ndi khanda la miyezi itatu. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amayamba kugonja. Mayi ameneyo sanakoleze mbaula, sanatseke venti, ndipo lendi yake nayenso ankapereka pa 1. Ndiye ndikamva munthu akuti chipinda nchanga, ndimafunsa kuti, nanga denga nlayani?

Pamenepa ine ndili kumbali ya eni nyumba. Landilodi ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira maventi, mawaya a magetsi ndi kumene mbaula ikugona, ndipo wa lendi wokana zimenezo akukana ndi moyo wa anzake.

Koma alandilodi, musayambe kuomba m'manja, poti mbali yotsalayi ndi yanu, ndipo ndi yaikulu.

N'chifukwa chiyani munthu wanzeru zake, wophunzitsa ana sayansi masana, akutseka venti usiku? Lowani m'chipinda mwanumo nthawi ya 3 koloko m'bandakucha mu Julaye, mugonemo usiku umodzi wokha. Siling'i mulibe, malata ali pamutu penipeni, akuchita kudontha mame. Galasi la zenera linasweka chaka chatha, munalonjeza, mpaka lero pali katoni. Pansi pa chitseko pakhoza kudutsa mwanapiye. Simenti ya pansi ikuzizira ngati mwala wa kudambo. Khitchini kunja kulibe, khonde kulibe, ndiye mvula yachiperoni ikamawaza munthu aphikire kuti? Ndipo mbaula akaisiya panja, mpanda kulibe, m'mawa aipeza yapita. Zonsezi mwini nyumba amazidziwa, koma pakutha pa mwezi amangotambasula dzanja. Ena mwa inu, poopa mtengo wa mafelemu, munamanga zipinda zopanda zenera n'limodzi lomwe, n'kumati ndi sitolo, kenaka n'kuikamo banja. Ena munawotcherera zitsulo m'mazenera onse, khomo n'kukhala limodzi, loko wake wovuta. Akuba mwawatsekera kunja, inde, koma tsiku la moto mwatsekera ndani m'kati?

Abale athu a ku Joni anaziona zimenezi. Pa 31 Ogasiti 2023, nyumba yosanja yotchedwa Usindiso, ku Marshalltown mumzinda wa Johannesburg, inapsa usiku, ndipo anthu 76 anafa. Amalawi analipo ambiri pakati pawo, ndipo maliro ena anafika kuno kumudzi. M'katimo anthu anali atagawa zipinda ndi matabwa ndi mabolodi, makomo othawira ena anali otseka, ndipo okhalamo ankapereka lendi mwezi ndi mwezi kwa anthu amene sanali eni ake a nyumbayo. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe linapeza kuti khonsolo ya mzindawo, imene inali mwini wake weniweni, inalekerera malamulo ake omwe a chitetezo. Wotolera ndalama analipo. Woyang'ana ngati khomo likutseguka ndiye kunalibe.

Ku South Africa komweko kuli phunziro lina limene ndimalikonda. Moto utapsereza zisakasa zambirimbiri ku Khayelitsha, ku Cape Town, pa 1 Januwale 2013, achinyamata ena a mumzindawo anapanga kachipangizo kotchedwa Lumkani. Iwo anaona kuti m'nyumba yophikira palafini ndi kuunikira kandulo, alamu ya utsi izingolira tsiku lililonse, ndipo mapeto ake anthu aichotsa batire. Ndiye kawo sikanunkhiza utsi. Kamayeza kufulumira kwa kutentha, ndipo moto weniweni ukabuka kamadzutsanso tinzake ta m'nyumba zoyandikana, mpaka mamita 60. Anthu amenewa sanataye nthawi kukalipira osauka kuti ndi osamva. Anayamba afunsa kaye chimene chimachititsa munthu kuzimitsa alamu.

Azakhali anga za Lumkani sanazimvepo, koma nzeru yawo inayenda njira yomweyo, ngakhale inayamba ndi ukali. Tsiku lija anapeza maventi otseka, anafuna kupereka notisi kwa aphunzitsi. Amene anawabweza ndi amuna awo. "Mayi a kwathu, mukamuthamangitsa uyu, wobwerayo ndiye adzakhala wosamva kuzizira?" Madzulo ake anaitanitsa zipinda zonse zinayi pakhonde, anaphika tiyi, n'kuyamba ndi kufunsa m'malo molamula. Zinatuluka zambiri. Zinapezeka kuti otseka maventi anali atatu mwa anayiwo, kungoti enawo ankatsekera m'kati, posaonekera pabwalo. Mayi wa khanda uja anaulula kuti sabata imeneyo anadzuka kawiri mutu ukuphulika, n'kukagula mankhwala a malungo pagolosale. Aphunzitsi atamva zimenezo anangoti zyoli.

Anapangana zinthu zochepa. Azakhali anagula mphasa, mmisiri n'kuzikhoma kunsi kwa malata m'zipinda zonse ngati siling'i, anaika magalasi awiri amene anasweka, n'kukhomera kachidutswa ka tayala pansi pa chitseko chilichonse. Anamanga kachisakasa ka malata atatu kophikiramo, kokhala ndi loko, kiyi aliyense yake. Ndalama yake inakwana pafupifupi lendi ya miyezi iwiri ya mdadada wonse, ndipo anaidandaula chaka chathunthu, ndisakunamizeni. A lendi nawo anavomera kuti mbaula izituluka anthu asanagone, maventi asatsekedwenso, ndipo mwini nyumba azilowa kuona kamodzi pamwezi m'nyengo yozizira, atanena dzulo lake, mwini chipinda ali pomwepo. Anazilemba m'kope lomwe lija amalembamo malipiro, aliyense n'kusaina.

Kulembako ndikukulimbikitsa. Kuno nyumba zambiri timabwereketsana pakamwa, ndipo chokhacho chimene timapangana ndi mtengo ndi tsiku lolipira. Zikavuta, nkhani ikafika kwa amfumu, aliyense amakumbukira zake. Pangano la mbaula likambidwe tsiku lopereka kiyi, munthu asanatsitse katundu pangolo, ndipo mwezi wabwino wokumbutsana ndi Meyi, chisanu chisanalume. Wophwanya koyamba mukhale naye pansi. Kachiwiri muitane mboni. Akachita mwano kachitatu, pamenepo notisi ndi yoyenera, ndipo palibe anganene kuti mwamuchitira nkhanza. Chimene sindigwirizana nacho ndi chija chozula chitseko, kudula magetsi kapena kutaya katundu wa munthu panja. Kudula magetsi ndiye kumene kumamutumiza kukagula kandulo ndi makala ambiri.

Eni malo ogona alendo pa Boma ndi cha kuchipata cha Dedza, kumene madalaivala a mathiraki amagona podikira mapepala, inu ndiye mungakwanitse kugula ma alamu, ndipo muyenera kutero. Kungoti dziwani kuti alipo amitundu iwiri. Alamu ya utsi siimva carbon monoxide, ndipo ya carbon monoxide siimva utsi, pokhapokha ikhale yopangidwira zonse ziwiri, werengani pachikutopo. Ya utsi musaike pamwamba pa malo ophikira kapena pakhomo la bafa, poti mukatero mwaiweruza nokha kuti ichotsedwe batire. Ili ndi kabatani koyesera, kadinizeni mwezi ndi mwezi. Ikakwana zaka 10 yakalamba, igulidwe ina. Ndipo batire muzigula ndinu, chifukwa mukasiyira wogonamo, tsiku limene rimoti ya TV idzathe mphamvu mukudziwa kumene adzakatenge ina. Musaiwalenso mlonda wanu. Kanyumba kake kaja nkakang'ono kuposa chipinda chilichonse, ndipo ndi iyeyo amene amakhala ndi mbaula pakati pa miyendo mpaka kucha, chitseko atakoka.

Nanga tifunde chiyani, poti kuzizirako sikunama? Otherani mbaula madzulo, zenera lili lotsekula pang'ono, kenaka itulutseni, muzimitse makalawo ndi mchenga, mawa mudzakolezanso omwewo. Njerwa yootcha imene yakhala pambali pa moto, mukaikulunga m'chiguduli chokhuthala n'kuiika kumapazi, imasunga kutentha nthawi yaitali. Botolo lolimba la madzi ofunda, lotseka bwino ndi lokulunga pansalu, limachitanso chimodzimodzi, koma lisakhudze khungu la mwana. Pansi yalani kaye katoni kapena thumba musanayale mphasa. Chipewa ndi sokosi za pakaunjika zigone m'thupi, osati m'venti.

Ndipo tsiku lina mukadzaona kuti dzuwa lakwera koma chitseko cha mnzanu chikadali chotseka, mwagogoda osayankha, musayambe mwathamangira kukafuna mwini nyumba kuti abwere ndi kiyi. Thyolani. Tsekulani chitseko ndi mazenera onse, inuyo musachedwemo, mutulutsireni munthuyo panja pa mpweya. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe. Musamumwetse mkaka, thobwa kapena madzi ali chikomokere. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Pezani galimoto, njinga yamoto, chilichonse, mupite naye kuchipatala, ndipo mukafika nenani mawu oti "anagona ndi mbaula," kuti achipatala adziwe zoti akufunika okosijeni msanga. Ngakhale atatsitsimuka panjira n'kumati ndili bwino, pitirizani ulendo, chifukwa mpweyawu umatha kuvulaza ubongo ndi mtima mwakachetechete. Mukatero mugogodenso zipinda zoyandikana nazo.

Aphunzitsi aja anakhala pa azakhali zaka zitatu asanawasamutsire kwina. Azakhaliwo mpaka lero ali ndi kansungwi kawo kakatali kamene kamakhala kuseri kwa chitseko. Ikangoyamba Juni, m'mawa uliwonse akamaliza kusesa, amayenda mdadada wonse n'kumakalowetsa m'venti iliyonse, kamodzi kamodzi. Chaka chatha anatulutsamo chisa cha mpheta ndi sokosi imodzi ya mwana wa sukulu, mwini wake mpaka pano sanapezeke.